Tsiku limene telala anasungunula ayisi wanga

Ndinafika ku Mangochi mu 2019, atanditumiza kukaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi pa boma. Kwathu ndi ku Dedza, kozizira, kumene Lamulungu m'mawa chimakudzutsa ndi belu la tchalitchi. Kuno chinandidzutsa tsiku loyamba ndi mawu ochokera pamzikiti oitanira anthu ku swala ya mbandakucha, thukuta lili kamukamu, udzudzu ukuimba m'khutu. Ndinkaphunzitsa Bible Knowledge ndi Chichewa, ndipo teremu isanathe ana a SCOM, gulu la ophunzira achikhristu, anandisankha kukhala mlangizi wawo. Mumtima ndinkadziona ngati mlendo uja wobwera ndi kalumo kakuthwa.

Nyumba imene ndinkachita lendi inali ya bambo ena achikulire, Myao, Msilamu, telala wosokera pakhonde. Iwo ankanditchula kuti mwalimu, ine ndinkawatchula ambuje monga ndinamvera ana a m'deralo. Sukulu sanapite nayo patali, koma ku madrasa anakhwimirako, ndipo mavesi a m'Baibulo ankawatchula ndi manambala omwe. Ambiri anawatola m'makaseti a Ahmed Deedat, mlaliki wa Chisilamu wa ku Durban amene anamwalira mu 2005 koma mikangano yake ndi abusa ikuyendabe m'mafoni mpaka lero.

Tsiku lina ndinapita ndi thalauza kuti andipindire. Ali mkati moyeza, mapini ali kukamwa, anandifunsa ngati akufunsa mtengo wa usipa: "Mwalimu, mwana m'kalasi mukamufunsa kuti wani kuphatikiza wani kuphatikiza wani, iye n'kuyankha kuti wani, mumamuchonga?"

Ndinadziwa kuti akulowera ku nkhani ya Utatu wa Mulungu, ndipo ndinakondwa, chifukwa yankho ndinali nalo m'thumba kuyambira ku Sande sukulu. Ndinaloza mnyamata amene ankadutsa panjinga atamanga bokosi la chambo. "Ambuje, ayisi ali m'bokosi umo ndi madzi. Akasungunuka ndi madzi. Mukawatereka pa mbaula, nthunzi yotulukayo ndi madzi omwewo. Zitatu, koma chinthu chimodzi. Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi chimodzimodzi."

Anachotsa mapini kukamwa mmodzimmodzi. "Chabwino. Tsiku limene Isa ankabatizidwa mu Yorodano, buku lanu limati kumwamba kunamveka mawu, nkhunda n'kutera. Tsono madzi a m'kapu imodzi angakhale ayisi n'kumalankhulanso ndi nthunzi yake? Nanga usiku uja m'munda, atagwada n'kumapempha kuti chikho chimupitirire, ayisiyo ankapempha ndani? Iye mwini asanaundane?"

Anyamata akabaza amene ankausa pamthunzi wa mtengo wa mango anayamba kusendera. Ndinasintha msanga, n'kutola mafuwa: mafuwa atatu, mphika umodzi. Ambuje sanachedwe. "Ndiye fuwa lililonse ndi gawo chabe. Yesu wanu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a Mulungu? Masiku aja anali m'manda, mphika unapendekeka?"

Akabaza anaseka mpaka wina anagwetsa njinga. Ndinalipira thalauza n'kulowa m'nyumba, nsima ya usiku umenewo sinatsike bwino.

Loweruka ndinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kupita kwa abusa ena opuma amene ndinkawadziwa, ndili ndi chiyembekezo chakuti andipatsa chipolopolo chokabwezera. Atamva nkhani yonse anaseka kuposa akabaza aja. "Aphunzitsi, telalayo mukamugulire shuga. Wakuchotsani m'dzenje. Zimene mwakhala mukuphunzitsa anawo mpingo unazikana kalekale."

Anandikhazika pa mkeka n'kuyamba kumasula. Fanizo la madzi limanena kuti Mulungu ndi mmodzi wongosintha maonekedwe, lero Atate, mawa Mwana, mkuja Mzimu. Chimenechi ndi chiphunzitso cha Sabellius, amene ankaphunzitsa ku Rome kumayambiriro kwa zaka za m'ma 200, ndipo mpingo unachikana pa zifukwa zomwe zija anatchula ambuje: ubatizo wa mu Yorodano ndi pemphero la ku Getsemane zimasanduka sewero. Fanizo lina limene ndinkalikonda, lakuti ine ndine bambo kunyumba, mphunzitsi kusukulu, mwana kwa amayi anga, limagwera m'dzenje lomwelo. La mafuwa limagwera m'dzenje lina, logawa Mulungu ngati nsomba ya pamaliro, wina mutu, wina pakati, wina mchira. Ndiye panali Arius, wansembe wa ku Alexandria ku Egypt, amene anathawira mbali ina n'kunena kuti Mwana ndi wolengedwa, kuti inalipo nthawi pamene kunalibe Mwana. Nkhani yake ndi imene inasonkhanitsa mabishopu ku Nicaea, m'dziko limene lero ndi Turkey, mu 325, kumene anagwirizana kuti Mwana ndi wobadwa, wosalengedwa, wa umulungu umodzi ndi Atate. Za Mzimu Woyera anazilongosola bwino ku Constantinople mu 381.

Chinandigwira mtima n'chakuti ambiri mwa omenyera nkhaniyi anali a kuno ku Africa. Tertullian, woyamba kulemba liwu la Chilatini lakuti trinitas, kutanthauza Utatu, anali wa ku Carthage, ku Tunisia wa lero. Athanasius, amene anathamangitsidwa pampando kangapo chifukwa chokana za Arius, anali bishopu wa ku Alexandria. Augustine, bishopu amene analemba zambiri za Utatu, anabadwira ku Algeria wa lero mu 354. Mamishonale anatibweretsera mbewuyi pa sitima, inde, koma munda umene inakulira ndi wa kumpoto kwa Africa konkuno.

"Tsono ndikanawayankha chiyani?" ndinafunsa.

Abusa anati mafunso alipo awiri ndipo ine ndinawaphika mu mphika umodzi. Ukafunsa kuti Mulungu n'chiyani, yankho ndi limodzi: umulungu umodzi, wosagawika, monga Deuteronomo 6:4 amanenera ndipo Yesu mwini anabwereza pa Marko 12:29. Ukafunsa kuti Mulungu ndani, mayankho ndi atatu. Chimene tikuti chimodzi ndi chimene tikuti zitatu si chinthu chomwecho, choncho samu ya ambuje sikugwira. Koma anandichenjeza ndi chala: "Zimenezi zikungoonetsa kuti sitikudzitsutsa. Sizikutsimikiza kuti Utatu ndi woona. Umboni wake ndi nkhani ina, ya Yesu mwini, zimene ananena ndi zimene anachita. Musasakanize."

Apa ndionjezepo zanga monga mphunzitsi wa Chichewa, chifukwa chilankhulo chathuchi chili ndi misampha iwiri pa nkhaniyi. Ukati mwa Mulungu muli anthu atatu, womvera amaona anthu enieni, a miyendo ndi ndevu, atakhala pabwalo kukambirana mlandu. Ukati Mwana wa Mulungu, Msilamu amamva kuti Mulungu anakwatira, ndipo Korani pa Sura 6:101 imafunsa momwemo kuti angakhale bwanji ndi mwana alibe mkazi. Zaka zonse zimene mnzako akukana Mwana wa Mulungu, mwina akukana chinthu chimene nawenso sukhulupirira. Inu otsogolera achinyamata m'madera ngati kuno, musanayambe kuteteza liwu, funsani kaye mnzanuyo kuti akalimva amaona chiyani m'mutu. Ine ndinatha chaka ndisanafunse.

Lachitatu lotsatira ndinaimirira pamaso pa ana a SCOM n'kuwauza kuti madzi, ayisi ndi nthunzi azifufute m'makope. Ana a sekondale sakhululukira mphunzitsi msanga. Mtsikana wina anafunsa mokweza kuti nanga zina zimene ndinawaphunzitsa zili bwino?

Kwa ambuje ndinabwererako patapita milungu itatu, shuga ali m'manja monga anandilamulira abusa. Ndinavomera kuti ayisi uja anasungunuka ndithu. Kenako ndinafunsa langa: "Ambuje, Korani ndi mawu a Mulungu. Mawuwo analengedwa, kapena analipo chikhalire?"

"Sanalengedwe," anayankha mosaganizira n'komwe.

Ndinali nditawerenga kuti funso limeneli linagwedeza Asilamu okhaokha. Mu 833 mfumu ya Asilamu ku Baghdad, al-Ma'mun, inalamula kuti akuluakulu a chipembedzo avomereze kuti Korani inalengedwa, ndipo shehe wotchuka Ahmad ibn Hanbal anaponyedwa m'ndende, pambuyo pake n'kukwapulidwa, chifukwa chokana. Maganizo a ibn Hanbal ndi amene anadzapambana. Ndiye ndinati: "Ngati mawu a Mulungu ndi amuyaya, sali mulungu wachiwiri, komabe mumawasiyanitsa ndi mwini wake, ndiye mwayandikira pamene Yohane akuyambira uthenga wake, kuti pachiyambi panali Mawu. Ndipo Korani yanu pa Sura 4:171 imamutchula Isa kuti mawu ochokera kwa Mulungu."

Kwa nthawi yoyamba makina anaima. Anakhala chete mpaka ndinamva mbuzi ikutafuna pepala kuseri kwa nyumba.

"Mwalimu, lero mwabwera ndi nsalu yeniyeni," anatero. "Koma vesi limenelo mwalidula pakati. Lomwelo likupitiriza kuti musanene kuti atatu. Ndipo mawu ndi khalidwe la mwini wake, monga kumva ndi kuona. Khalidwe silimva njala, siligona m'bwato namondwe akuwomba."

Ankanena zoona, vesilo ndinalidula pakati, ndipo ndinachita manyazi chifukwa ine ndimakwiya munthu akamandiwerengera Yohane 14:28 n'kulumpha Yohane 10:30. Ndinafunsanso kuti khalidwe lamuyaya lingakhale bwanji mwa Mulungu mmodzi osamuchulukitsa. Anati akuluakulu awo anaphunzitsa kuti pa zinthu zotere salowetsapo funso lakuti bwanji. Ndinati nafenso tikafika pa kubadwa kwa Mwana kopanda chiyambi timaima pomwepo. Palibe anatembenuka. Koma kuyambira tsiku limenelo za wani kuphatikiza wani zinatha, tinatsala ndi pamene timasiyanadi: kodi Namalenga angalowe m'chilengedwe chake, n'kuvala thupi, osaleka kukhala Namalenga? Iwo ankati kutero n'kumuchepetsa, ine ndinkati ndiye ukulu wake. Ndinadzamva kuti mu 781 mkulu wa mpingo wa kum'mawa, Timothy, ndi mfumu al-Mahdi anakambirana zomwezi masiku awiri ku Baghdad, n'kusiyana mwaulemu. Pakhonde pathu panalibe chatsopano, kupatula fungo la usipa wowamba.

Mu 2022 m'gulu la SCOM munali mnyamata wa Fomu 3, wochokera m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, wanzeru zoopsa, wokonda kutola mafunso pa intaneti n'kudzandiponyera pagulu. Mulungu angalenge mwala woti iye mwini alephere kuunyamula? Ili silinandivute. Thomas Aquinas, wanzeru wamkulu wa Chikhristu, analongosola kale m'zaka za m'ma 1200 kuti mphamvu zonse sizitanthauza kuchita zodzitsutsa. Ukauza telala kuti adule nsalu ikhale yozungulira ngati lichero komanso ya ngodya zinayi, iye akakana si kuti sizasi yabuntha, iweyo sunatchule chinthu chilichonse. Baibulo lomwe pa Ahebri 6:18 limati Mulungu sangathe kunama. Nanga Mulungu analengedwa ndi ndani? Ndinamuuza kuti chimene chimafuna chochiyambitsa ndi chinthu chokhala ndi chiyambi. Dziko lili ndi chiyambi, choncho lili ndi woliyambitsa, ndipo woyambitsa nthawi sangakhale ndi tsiku lobadwa. Mfundo imeneyi anaitchukitsa masiku ano ndi Mkhristu wa ku America, William Lane Craig, kuyambira 1979, koma anaitenga kwa anzeru a Chisilamu, makamaka al-Ghazali amene anamwalira mu 1111, ndipo dzina la mfundoyo lomwe, kalam, ndi Chiarabu. Nditawauza ambuje zimenezi anawomba m'manja: "Ndiye singano mumabwereka kwathu, n'kumatibaya nayo!"

Mnyamata uja anayamba kundilemekeza, ine matama aja n'kuphukanso ngati chisoso mvula yoyamba.

Kolera inayambira ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo pofika dzinja Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Dziko lonse linataya anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 mayi a mnyamata uja, ogulitsa usipa wouma, anayamba kutsegula m'mimba madzulo, mawa lake masana kunalibe munthu. Amene munaona maliro a kolera mukudziwa. Thupi silisambitsidwa ndi abale, alithira klorini n'kulikulunga mu pulasitiki. Kuchezera usiku kulibe, nsima kulibe, amayi a Mvano anzawo anaimba nyimbo ataima patali. Munthu kuikidwa ngati akumuthamangitsa.

Patatha sabata ndinakamuona. Tinakhala pa mpanda wa bwato lakale lobooka. Iye anati: "Aphunzitsi, munati Mulungu angathe zonse. Munatinso ndi wabwino. Amayi sankajomba kutchalitchi. Tsono analephera, kapena sanafune?"

Mutu wanga unalizindikira funsolo nthawi yomweyo, ndipo ndikuvomera ndi manyazi kuti mkati mwanga china chake chinasangalala. Ndi mfundo ya mu 1955 ya J. L. Mackie, wanzeru wosakhulupirira Mulungu, yakuti Mulungu wamphamvu zonse, Mulungu wabwino, ndi kupezeka kwa zoipa sizingakhale zoona zonse pamodzi. Yankho la mu 1974 la wanzeru wachikhristu Alvin Plantinga ndinkalidziwa ngati dzina langa. Ndinayamba kumufotokozera kuti Mulungu anafuna zolengedwa zaufulu, kuti ufulu weniweni umatsegula khomo la kusankha zoipa, kuti dziko la anthu okakamizidwa kuchita zabwino ndi dziko la zidole.

Anandidula. "Kachilombo ka kolera kanasankha chiyani?"

Pamenepo wanzeru akanatseka pakamwa. Ine ndinapitiriza. Ndinati ngakhale matenda amayenda ndi zosankha za anthu, zimbudzi zosakumbidwa, mijigo yosakonzedwa, madzi osathira mankhwala. Ine ndinkanena za dziko lonse. Iye anamva kuti mayi ake anadzipha okha pomwa madzi a m'nyanja mjigo utafa. Anaimirira, n'kusasa mchenga pa kabudula, n'kunena kuti, "Zikomo pobwera, aphunzitsi." Sukulu anabwerera, koma ku SCOM sanapondeko, ndipo m'kalasi mwanga anasamukira kumbuyo.

Sindikunena kuti yankho la Plantinga ndi labodza. Pa ntchito yake ndi lolimba, ndipo ngakhale anzeru ambiri osakhulupirira amavomera kuti linagwetsa mfundo yakuti Mulungu ndi zoipa sizingakhalire pamodzi. Koma ntchito yake ndi yomweyo basi. Silinena chifukwa chimene mayi uyu wafera usiku uno. Plantinga mwini analemba kuti munthu amene chikhulupiriro chake chagwedezeka ndi tsoka lomugwera amafunika chisamaliro cha m'busa, osati kuunikiridwa ndi nzeru za mikangano. Ndime imeneyo ndinaiwerenga ndithu, koma sindinaidule mzere kunsi chifukwa sinkapambanitsa mkangano uliwonse. Abwenzi a Yobu anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osalankhula, ndipo mlandu wawo unayamba pamene anatsegula pakamwa kuti ateteze Mulungu. Pa Yobu 42:7 Mulungu akuwakwiyira iwowo, oteteza aja, osati Yobu wodandaula. Mawu a mnyamata uja anali ofanana ndendende ndi a Mackie, koma Mackie ankalemba ali pa desiki, mwanayu ankalira. Kusiyanitsa ziwirizi sikufuna mabuku, kumafuna kuyang'ana munthu kumaso, ndipo ine ndinkayang'ana m'mutu mwanga.

Ndinawafotokozera ambuje usiku wina magetsi atazima. Ndinkayembekeza kuti alowetsapo za chikonzero cha Mulungu, poti pa nkhani imeneyo Asilamu ali ndi zonena zambiri. Anangopukusa mutu. "Mwalimu, munthu ali ndi bala inu mukumuyeza thalauza? Ife pa maliro timangoti ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera, kenako timagwira khasu." Atakhala pang'ono anafunsa: "Mwanayo ali ndi azing'ono ake angati? Yunifolomu ali nazo?"

Analibe. Ambuje anasoka madiresi awiri ndi kabudula mmodzi osalandira kanthu, ine ndinalipira fizi ya teremu kudzera kwa ahedi, osatchula dzina. Mnyamatayo atabwera kudzatenga zovalazo anakhalitsa pakhonde, mawa lake anabweranso, ndipo posakhalitsa anayamba kuthandiza kusokerera mabatani akaweruka. Ine ndikamadutsa tinkangopatsana moni. Ndinapepesa kamodzi, mwachidule, iye anangogwedeza mutu maso ali pa batani.

Chaka chimenecho Ramadani inakumana ndi Pasaka. Lachisanu Loyera, pa 7 Epulo, ndinabwera kuchokera kutchalitchi dzuwa litapendeka, n'kuwapeza awiriwo pakhonde, ambuje milomo itauma ndi kusala. Ndinakhala pa benchi kuvula nsapato. Mnyamata uja, osandiyang'ana, anati: "Aphunzitsi, paja pamtanda anafuula kuti Mulungu wanga, mwandisiyiranji. Ngati iyeyo ndi Mulungu, ndiye kuti Mulungu amadziwa mmene zimawawira kuitana osayankhidwa?"

Nicaea yense anadzuka m'mutu mwanga, Sabellius, Athanasius, zonse zili pamzere. Ndinaona ngakhale chimene sindinachione kale, kuti ayisi wanga uja akanakhala woona, kufuula kumeneko kukanakhala kwa munthu wodziitana yekha m'sewero, koma ngati Atate ndi Atate ndipo Mwana ndi Mwana, kulirako n'kwenikweni. Ndinameza zonsezo.

"Ndi zimene timakhulupirira," ndinatero.

"Ife timati sanapachikidwe," anatero ambuje, akulowetsa ulusi m'singano. "Mulungu sangataye mtumiki wake m'manja mwa adani."

"Amayi anga anawataya," anatero mnyamatayo.

Palibe anayankha. Ambuje anaika singano pansi n'kumugwira paphewa, dzanja linakhala pomwepo. Kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya kulowa kwa dzuwa, ndipo mayi a m'nyumba anatulutsa madzi akumwa ndi beseni la futali wa chinangwa wotendera, utsi uli tolotolo. Ambuje anamwa madzi, ananong'ona pemphero lawo, n'kukankhira beseni pakati pathu.

"Mwalimu, za mtandazo tidzapitiriza mawa. Mwanangu, kasambe m'manja."